Mwachotsedwa Ntchito Mopanda Chilungamo: Njira Yotsata Kuchokera ku Leba Mpaka ku Khoti la Milandu ya pa Ntchito (IRC)

Milandu yambiri ya anthu ochotsedwa ntchito imafera m'njira pa zifukwa zitatu: munthu amapita kukadandaula nthawi itatha, amapita chimanjamanja wopanda pepala lililonse, kapena amakhala atasaina kale chikalata chimene sanachiwerenge tsiku lija mutu unali utaima mu ofesi ya abwana. Malamulo a dziko lino amateteza wantchito kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Gawo 31 la malamulo aakulu oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera, ndipo lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limafotokoza mwatsatanetsatane mmene munthu angachotsedwere ntchito. Malangizo awa ndi a aliyense wolembedwa ntchito, kaya ndi kalaliki wa mu ofesi, mlonda, dalaivala, wogwira ntchito pa esiteti kapena wantchito wapakhomo. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ali ndi njira zawozawo, choncho zimene zalembedwa pano sizikuwakhudza.

## Zimene muyenera kusonkhanitsa musanapite kulikonse

- Kalata yolembedwera ntchito kapena kontirakiti, ngati munapatsidwa.
- Kalata yochotsedwera ntchito, makalata a chenjezo, kalata yokuimitsani kaye pa ntchito ndi kalata yokuitanani kukadziteteza.
- Mapepala a malipiro a miyezi yomalizira, sitetimenti ya ku banki, kapena mauthenga a Airtel Money ndi TNM Mpamba osonyeza kuti ndalama inkalowa mwezi ndi mwezi kuchokera kwa abwana.
- Buku la malamulo a pa ntchito panu, ngati lilipo.
- Mapepala a penshoni, makamaka nambala yanu ya umembala.
- Chiphaso cha unzika.
- Mayina ndi manambala a foni a anthu amene anaona kapena kumva zimene zinachitika.
- Mauthenga a pa WhatsApp kapena SMS amene munkalemberana ndi abwana kapena kapitawo.
- Kope limodzi, cholembera ndi envulopu yolimba kapena jumbo yosungiramo zonsezi kuti zisanyowe.

Jambulitsani pepala lililonse kawiri kapena katatu. Pepala lenileni lisachoke m'manja mwanu. Kulikonse kumene mukupita muzisiyako lojambula.

Ngati simunapatsidwepo kalata iliyonse chiyambireni ntchito, musataye mtima. Mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano pamaso pa lamulo. Yunifomu, chiphaso cha pa ntchito, dzina lanu m'kaundula wosainira m'mawa, ngakhale anthu oyandikana nawo amene ankakuonani mukusesa pa bwalo la nyumbayo zaka zinayi, zonsezi ndi umboni wakuti munali pa ntchito.

## Sitepe 1: Tsiku lochotsedwa, gwirani mtima ndipo musasaine mothamanga

Pemphani kuti akulembereni kalata yonena kuti ntchito yatha, tsiku limene yatha ndi chifukwa chake. Akakana, musakangane nawo. Pitani kunyumba mukalembe kalata yanu yaifupi yonena kuti tsiku lakutilakuti, nthawi yakutiyakuti, bwana wakutiwakuti anakuuzani kuti musabwerenso ku ntchito, ndipo mukupempha kuti akuuzeni chifukwa chake polemba. Kasiyeni kalatayo ku ofesi, wolandirayo asaine ndi kudinda pa kope yanu. Ngati palibe wofuna kuilandira, itumizeni pa WhatsApp kapena pa imelo kuti pakhale chizindikiro cha tsiku.

Kalata imeneyi ndi yofunika chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chimachitika kawirikawiri: abwana amene anakuthamangitsani pakamwa akafika ku leba amanena kuti iwo sanachotse munthu, koma munthuyo anathawa yekha ntchito. Kujomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, choncho mukapanda umboni mlandu umakutembenukirani.

Chenjezo: musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti wina wakuuzani kuti mukatero mbiri yanu ikhala yoyera kapena ndalama zanu zituluka msanga. Munthu amene wasiya yekha ntchito amataya ndalama ya severance, imene imawerengedwa potengera zaka zimene munthu wagwira ntchito, ndipo kuti akadandaule za kuchotsedwa ayenera kuyamba watsimikizira khoti kuti khalidwe la abwana ndilo linamukakamiza kuchoka. Gawo 60 la Employment Act limalola dandaulo lotere, koma mtolo wa umboni umakhala pamutu pa wantchito, ndipo ndi wolemera.

Chenjezo lachiwiri: akakupatsani ndalama pamodzi ndi pepala loti musaine, werengani mzere uliwonse. Kusainira kuti mwalandira ndalama yakutiyakuti kulibe vuto. Vuto lili pa mawu onena kuti ndalamayo ndi yomaliza ndipo simudzafunsanso kanthu kwina kulikonse. Pemphani kuti mupite nalo pepalalo kunyumba, kapena lembani ndi dzanja lanu pamwamba pa siginecha kuti mwalandira ndalamayo koma simukugwirizana ndi kuchotsedwa kwanu.

## Sitepe 2: Lembani nkhani yonse usiku womwewo

Tengani kope lija mulembe zonse motsatana: tsiku limene munayamba ntchito, udindo wanu, malipiro oyamba ndi omaliza, tsiku limene vuto linayamba, amene analankhula, mawu amene ananena ndi amene analipo. Mlandu wa ku khoti ukhoza kutenga nthawi yaitali, ndipo podzafika tsiku loima pamaso pa woweruza, masiku ndi mayina zimakhala zitasokonekera m'mutu. Loya wa kampani akakufunsani ngati msonkhano unachitika Lachiwiri kapena Lachinayi inu n'kuyamba kukanda mutu, umboni wanu wonse umaoneka wokayikitsa ngakhale muli pa choonadi.

## Sitepe 3: Yesani mlandu wanu ndi mafunso awiri

Musanawononge ndalama ya minibasi, dzifunseni moona mtima mafunso awiri amene khoti nalonso lidzafunse.

Funso loyamba: kodi panali chifukwa chomveka? Gawo 57 la Employment Act limanena kuti munthu achotsedwe ntchito pokhapokha pali chifukwa chenicheni chokhudza khalidwe lake, kulephera kwake kugwira ntchitoyo, kapena zosowa za kampani monga kuchepetsa antchito bizinesi ikavuta. Gawo lomweli limatchulanso zifukwa zimene siziloledwa n'komwe: mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kukhala pa banja kapena ayi, kulowa m'bungwe la anthu ogwira ntchito, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, kuchoka pamalo pamene pakuika moyo wanu pachiswe, kuchita nawo sitiraka yovomerezeka, ndiponso kukadandaula za abwana anu kwa oyenera. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa ndi woyembekezera ndi mlandu pawokha, ndipo mayi ali ndi ufulu wa tchuthi chauchembere chosachepera masabata 8 akulandira malipiro onse.

Funso lachiwiri: kodi munapatsidwa mpata wodziteteza? Apa ndi pamene olemba ntchito ambiri amapunthwa, ndipo ndikufuna muwerenge ndime ino kawiri. Ngakhale abwana atakhala ndi chifukwa chomveka, sangakuchotseni pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanakumveni. Kukumvani sikutanthauza kukuitanirani mu ofesi mwadzidzidzi, kukukalipirani kwa mphindi zisanu kenako n'kutulutsa m'dirowa kalata imene inatayipidwa dzulo. Munthu ayenera kudziwa mlandu umene akuimbidwa, apatsidwe nthawi yokwanira yokonzekera, amve umboni womutsutsa, ayankhepo, ndipo amene akuweruza asakhale yemweyo amene akumuneneza. Ngakhale pa milandu ikuluikulu imene gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi, monga kuba, kukana dala malamulo oyenera a abwana kapena kulekerera ntchito mobwerezabwereza, mpata woyankhapo umafunikabe.

Msuweni wanga wina anagwira ntchito yaulonda pa malo ena zaka zisanu ndi ziwiri. Usiku wina batire la galimoto linasowa, ndipo m'mawa kapitawo anamulanda chibonga ndi jekete pa geti pomwepo, n'kumuuza kuti asadzapondenso pamalopo. Palibe anamufunsa kuti usikuwo anaima mbali iti ya mpanda, kapena kuti makiyi a galaja ankasunga ndani. Iye anangobwera kunyumba ali khuma, akunena kuti munthu wosauka sangalimbane ndi kampani. Zimene sankadziwa n'zakuti malinga ndi gawo 61, si wantchito amene ayenera kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka chifukwa ndi kuonetsa kuti anachita zinthu mwachilungamo, ndipo akalephera kupereka chifukwa, lamulo limatenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo.

Ngati munali pa nthawi yoyesedwa, dziwani kuti mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi, koma nthawi imeneyi siyenera kupitirira miyezi 12. Ngati mwakhala mukusainitsidwa makontirakiti a miyezi itatuitatu kwa zaka zambiri pa ntchito imene ndi yokhazikika pa kampaniyo, lamulo limatha kukutengani ngati wantchito wokhazikika, choncho tengani makontirakiti onsewo popita ku leba.

## Sitepe 4: Werengetsani zimene mukuyenera kulandira

Musapite kukadandaula ndi mawu akuti "ndikufuna ndalama zanga" basi. Lembani chinthu chilichonse pachokha ndi kuchuluka kwake.

Malipiro a masiku amene munagwira kale, ovataimu imene simunalandire ndi masiku a tchuthi amene simunapite, ndi zanu ngakhale mutachotsedwa chifukwa cholakwa. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Lamulo limati ndalama zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 chithereni ntchito.

Notisi ya munthu wolandira pamwezi ndi mwezi umodzi. Ngati sanakupatseni notisiyo ndipo simunachotsedwe pa mlandu waukulu, akuyenera kukulipirani malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake.

Ndalama ya severance, potsatira kusintha kwa lamulo kwa chaka cha 2010, imaperekedwa kwa amene wachotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena mavuto a kampani, ndiponso kwa amene wachotsedwa mopanda chilungamo, bola akhale atagwira ntchito chaka chathunthu. Imawerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira apo.

Chipukuta misozi cha kuchotsedwa mopanda chilungamo ndi ndalama ina yapadera, yosiyana ndi severance. Gawo 63 limaika malire apansi amene khoti silingatsike: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira 5 mpaka 10, masabata atatu kwa wa zaka zopitirira 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa amene wapitirira zaka 15. Khoti likhoza kupereka zoposa pamenepa poona mmene munthu wavutikira.

Tiyerekeze munthu amene ankalandira K260,000 pamwezi ndipo wagwira zaka 7. Malipiro ake a pa sabata ndi K60,000, tikachulukitsa malipiro a pamwezi ndi 12 n'kugawa ndi 52. Severance yake ndi masabata 10 a zaka zisanu zoyamba kuphatikiza masabata 6 a zaka ziwiri zotsatira, pamodzi masabata 16, omwe ndi K960,000. Chipukuta misozi chochepetsetsa ndi masabata 14, omwe ndi K840,000. Notisi ndi K260,000. Tisanawerengere n'komwe tchuthi ndi ovataimu, ndalamayo yafika K2,060,000. Munthu amene sanakhale pansi n'kuwerengetsa chonchi akhoza kuvomera K300,000 ya m'envulopu akuthokoza ndi manja awiri.

Za penshoni, funsani ku kampani yosunga penshoni yanu ngati abwana ankaperekadi ndalama zonse, zawo ndi zimene ankakudulani. Mukapeza kuti ankadula koma osatumiza, kanenani ku Reserve Bank of Malawi, chifukwa ndi imene imayang'anira nkhani za penshoni. Pemphaninso satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito pamalopo. Gawo 31 la Employment Act limati muyenera kupatsidwa mukaipempha.

## Sitepe 5: Pitani ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu

Gawo 62 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lanu. Lembani tsiku lomaliza pa chikuto cha kope lanu ndi zilembo zikuluzikulu, koma musadikire kuti liyandikire. Pitani sabata yoyamba kapena yachiwiri.

Ngati pa ntchito panu pali njira yochitira apilo, itsateni polemba kalata, ndipo ngati muli m'bungwe la anthu ogwira ntchito, dziwitsani atsogoleri ake tsiku lomwelo. Koma musalole kuti apilo ya mkati ikudyereni miyezi itatu ija. Mawu akuti "bweraninso sabata yamawa, abwana ali ku Lilongwe" agonetsa milandu yambiri.

Ku leba mudzafotokoza dandaulo lanu, ndipo ofesala adzalemba kalata yoitana abwana anu kuti mudzakambirane. Nthawi zambiri kalatayo mumakapereka nokha, choncho onetsetsani kuti wolandira wasaina. Tsiku lokambirana fikani m'mawa ndi mapepala anu, lankhulani mwaulemu, ndipo yambani ndi mfundo zikuluzikulu: munayamba liti, munachotsedwa liti, anakupatsani chifukwa chanji, anakumvani kapena ayi, mukufuna chiyani.

Ofesala wa leba ndi mkhalapakati. Ntchito yake ndi kukuthandizani kuti mugwirizane, ndipo simukakamizidwa kuvomera ndalama imene mukuona kuti ndi yochepa. Komabe ine ndimalangiza kuti ngati abwana avomera kupereka ndalama yoyandikira imene munawerengetsa, ganizirani mofatsa musanakane, chifukwa njira ya ku khoti ndi yaitali ndipo ndalama imatha mphamvu pamene mukudikira. Mukagwirizana, zonse zilembedwe: kuchuluka kwa ndalama, tsiku loperekera, ndi siginecha za mbali zonse pamaso pa ofesala.

## Sitepe 6: Tengani kalata yokutumizani ku khoti

Ngati abwana sakubwera, kapena pakatha mwezi umodzi nkhani isanathe, lamulo limalola kuti mlandu upite ku khoti. Pemphani ofesala akulembereni kalata yokutumizani ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pa ntchito limene ambiri amangoti IRC. Musachoke pa leba popanda kalata imeneyi.

## Sitepe 7: Tsegulani mlandu ku IRC

Khotili lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mlandu umayamba polemba fomu yotchedwa IRC Form 1, pamene mumafotokoza amene mukuwasumira, zimene zinachitika ndi zimene mukupempha. Ndalama iliyonse imene mwalipira potsegula mlandu, tengani lisiti la boma.

Chenjezo: lembani dzina lenileni la kampani monga lilili pa kontirakiti kapena pa pepala la malipiro, osati dzina la manijala kapena dzina limene anthu amangotchulira malowo. Alonda ndi okonza m'maofesi ambiri amalembedwa ndi kampani ina n'kutumizidwa kukagwira ntchito kwina. Wosumiridwa ndi amene anakulembani ndi kumakulipirani.

Lembani pa fomuyo zonse zimene mukufuna, chifukwa chimene simunapemphe n'chovuta kuti khoti likupatseni. Lamulo limalola zinthu zitatu: kubwezeretsedwa pa ntchito yanu, kulembedwanso pa ntchito yofanana nayo, kapena chipukuta misozi.

Mapepala akadindidwa, aperekedwe kwa abwana ndipo musunge umboni wakuti analandira. Iwo amakhala ndi masiku 14 oti ayankhe. Akapanda kuyankha, bwererani ku khoti mukapemphe chigamulo chifukwa cha kusayankha kwawoko. Sichibwera chokha mutakhala kunyumba.

Mukhoza kudziyankhulira nokha ku IRC popanda loya, ndipo khotili linakonzedwa kuti lisakhale ndi miyambo yovuta ngati makhoti ena. Kawirikawiri siligamula kuti wogonja alipire ndalama zimene mnzake wawononga pa mlandu, pokhapokha ngati wina anakana dala kupita kokambirana kapena mlanduwo ndi wongovutitsa. Ngati nkhani yanu ndi yovuta ndipo mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Ngati mukuona kuti munachotsedwa chifukwa cha tsankho, chifukwa cha HIV, kapena chifukwa munakana zachisembwere za abwana, kauzeninso a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, popeza lamulo la Gender Equality Act la 2013 ndi lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 amaletsa zimenezi.

## Sitepe 8: Tsatirani mlandu mpaka ndalama ifike m'manja

Mlandu usanamvedwe, mbali zonse zimaitanidwa kukakumana kuti zione zimene zikugwirizana ndi zimene zatsala kuti khoti liweruze, ndipo nkhani zina zimathera pomwepo. Ikapitirira, konzani mboni zanu ndipo muzikumbutse tsiku likamayandikira. Anzanu amene akadali pa ntchitopo akhoza kuopa kubwera. Musawakwiyire, ali ndi ana oti adyetse, koma funani amene anachokapo kale.

Pa nthawi yonse yodikira, funani ntchito ina ndipo sungani makope a makalata ofunsira ntchito. Poyeza chipukuta misozi, khoti limaona ngati munayesetsa kudzithandiza, komanso ngati inuyo munathandizira kuti muchotsedwe.

Mukapambana, nthawi zambiri pamakhala tsiku lina loti khoti liwerengetse ndalama. Abwana akakana kulipira, pemphani khoti lipereke chilolezo choti masherifu akalande katundu. Mbali imene sinakhutire ikhoza kuchita apilo ku High Court pasanathe masiku 30, koma pa mfundo za malamulo kapena mphamvu za khoti zokha, osati kungobwereza nkhani.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kudikira. Ena amadikira chifukwa abwana analonjeza kuti adzawaitana zinthu zikayamba kuyenda, ena amapita kumudzi kukalima kuti akabwerere akakolola, ndipo pobwera miyezi itatu imakhala itadutsa kalekale.

Ena amakana kupita ku msonkhano wodziteteza chifukwa chokwiya kapena poganiza kuti chigamulo chapangidwa kale. Mukatero mumapatsa abwana chonena chakuti mpata anakupatsani koma munaukana nokha. Pitani, yankhani, pemphani kope la zimene zalembedwa, ndipo ngati nthawi yokonzekera ndi yochepa pemphani polemba kuti tsiku lisinthidwe.

Kugwira katundu wa kampani, monga laputopu, njinga yamoto kapena makiyi, ngati chikole cha malipiro anu kumasandutsa dandaulo labwino kukhala mlandu wa ku polisi. Bwezani zonse ndipo wolandira asaine.

Kunyoza abwana pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kumabweretsa mlandu woipitsa mbiri, ndipo zimene mwalembazo zimadzawerengedwa ku khoti.

Kuwonjezera nkhani nakonso kumagwetsa anthu. Ngati munalandirapo chenjezo, vomerani. Ngati munachedwadi masiku awiri, nenani choncho. Bodza limodzi likagwidwa, woweruza amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Chenjerani ndi anthu oyendayenda pafupi ndi maofesi amene amati akuthamangitsirani mlandu mukawapatsa kangachepe, ndipo musawasiyire mapepala anu enieni.

Pomaliza pali kusintha nambala ya foni kapena kusamuka osadziwitsa khoti. Kalata yokuitanani ikakusowani ndipo tsiku la mlandu inu osaoneka, mlandu ukhoza kuthetsedwa. Lembani nambala ya mlandu wanu pa chikuto cha kope lija, pansi pa tsiku la miyezi itatu, ndipo muzipita kapena kuimba ku ofesi ya khoti kamodzi pamwezi kukafunsa pamene fayilo yanu yafika.